Ulendo wa ku Saint-Malo kwa anthu okulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi: tikonzekere motani?

Mphunzitsi wa ku Linga, Nkhotakota:

Moni kwa nonse. Ine ndi mayi akunyumba taitanidwa ndi mwana wathu wamkazi amene akumaliza maphunziro ake mumzinda wa Rennes, m'chigawo cha Bretagne ku France, ndipo Mulungu akalola tidzanyamuka m'mwezi wa Seputembala. Mwanayu walemba kuti za kusukulu zikadzatha akufuna kudzatitengera ku Saint-Malo, tauni yakale ya pagombe yomwe akuti yazunguliridwa ndi linga la miyala, kenaka ku malo ena oyandikana nayo ngati nthawi idzalole. Iye ndi wotanganidwa ndi mayeso, choncho sindikufuna kumamuvutitsa ndi mafunso tsiku lililonse, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu amene munafikako kapena munakhalako.

Funso loyamba ndi lakuti kodi tauniyi ndi yoyenera kugonako, kapena munthu angathe kupita m'mawa n'kubwerera ku Rennes madzulo osataya kanthu kofunika? Lachiwiri ndi limene likundizunguza kwambiri. Mwanayu akubwerezabwereza kuti kumeneko munthu sayenda pagombe asanaone ndandanda ya nthawi za madzi, ndipo akulankhula ngati akuopa kuti bambo ake adzachita makani. Ine ndinabadwira kuno ku Nkhotakota, ndinaphunzira kupalasa bwato ndisanaphunzire kulemba, mphepo ya mwera ndimaidziwa ikamayamba kusonyeza zizindikiro, choncho sindikumvetsa chimene chingandiopse pa gombe lomwe ngakhale ana aang'ono amaseweretsapo mchenga. Lachitatu ndi la Mont-Saint-Michel, phiri la pagombe lokhala ndi nyumba ya amonke pamwamba pake, malo amene ndawaona pa zithunzi kwa zaka zambiri: kodi ali pafupi mokwanira kuti tiwaphatikize pa ulendo womwewu? Pomaliza, ife ndife Asilamu ndipo sitidya nkhumba kapena kumwa chilichonse choledzeretsa, komanso mayi akunyumba amavutika ndi mawondo akamakwera masitepe ambiri. Ndithokoza uphungu uliwonse wochokera kwa odziwa.

NaBanda wa ku Senga Bay:

Aphunzitsi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri chifukwa mayankho a ena onsewo akudalira pa limeneli. Ndinagwirapo ntchito ku Bretagne, ndipo ndikukupemphani mwaulemu kuti mumumvere mwana wanuyo, pakuti luso lanu la panyanja ya kwathu ndi lenileni koma silikhudza vuto limene iye akunena. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika ndi nyengo, pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo ngakhale m'chaka cha 2024 pamene inasefukira n'kulowa m'malo ogona alendo kuno ku Salima, anthu anali ndi masabata oonera madzi akuyandikira. Ku Saint-Malo nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pa masiku a madzi aakulu kusiyana kwa pamene yaphwa ndi pamene yadzaza kumapitirira mamita 12. Malo ochepa kwambiri ku Ulaya konse ali ndi kusiyana kotere.

Chimene chimachititsa ndi mphamvu yokoka ya mwezi ndi ya dzuwa, kuphatikizapo maonekedwe a gombe la kumeneko, lomwe limapanikiza madzi ochokera ku nyanja ya Atlantic akalowa mu English Channel, mpata wa pakati pa France ndi England, n'kugunda chigawo cha Cotentin. Kuchoka pamene madzi aphwa kufika pamene adzaza pamadutsa maola 6 ndi mphindi zochepa, ndipo nthawi zimenezi zimachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, kotero kuti njira imene munayendapo bwino dzulo 2 koloko masana ikhoza kukhala pansi pa madzi pa ola lomwelo patapita masiku angapo. Choopsa kwambiri n'chakuti madziwo sakwera mofanana m'maola onse 6. Ola loyamba amabwera mwaulesi, munthu n'kumaganiza kuti nthawi ilipo, koma m'ola lachitatu ndi lachinayi amakwera theka la msinkhu wonse, zomwe pa tsiku la madzi aakulu zikutanthauza mamita 3 pa ola limodzi. Sabweranso kuchokera kutsogolo kokha ayi. Amayamba adzaza m'makwawa a mchenga amene ali kumbuyo kwanu, ndipo mukamatembenuka mumapeza kuti pakati pa inu ndi mtunda pali kale mtsinje wothamanga, wa madzi ozizira omwe ngakhale m'Seputembala amakhala pa madigiri 17 kapena 18 okha.

Ndandanda imene mwana wanu akunenayo imapezeka pa zipata zotulukira kugombe, ku ofesi ya alendo yomwe ili pafupi ndi chipata cha Saint-Vincent, komanso pa intaneti. Imasonyeza ola la madzi odzaza, ola la madzi akuphwa, ndi nambala ina yochokera pa 20 kufika pa 120 yosonyeza kukula kwa madzi a tsikulo. Nambalayo ikapitirira 100, anthu a kumeneko amati kwabwera madzi aakulu, ndipo zimenezi zimachitika patangopita tsiku limodzi kapena awiri mwezi utakhala wathunthu kapena utangobadwa, makamaka m'Malichi ndi m'Seputembala. Ndiye kuti mwezi umene mwasankhawu ndi wabwino kwambiri poonera, komanso ndi wofuna kusamala kwambiri.

Apa ndi pamene ndikuyankhira funso lanu loyamba: gonani komweko, ngakhale usiku umodzi wokha. Munthu wobwera m'mawa n'kubwerera madzulo amaona tauniyi mbali imodzi, pomwe kukoma kwake kuli pa kuona malo amodzimodziwo madzi ataphwa ndiponso atadzaza. Masana a tsiku la madzi aakulu mumatuluka pa chipata chaching'ono cha kumadzulo, n'kutsikira ku gombe la Bon-Secours komwe kuli dziwe losambiramo lomangidwa ndi simenti lomwe limasunga madzi a m'nyanja ikaphwa, n'kuyenda wapansi pa kanjira ka miyala kupita ku chilumba cha Grand Bé. Kanjirako kamakhala koterera ndi ndere zobiriwira, m'mbali mwake muli timadziwe ta madzi oyera momwe nkhanu zing'onozing'ono zimabisala pansi pa miyala, ndipo fungo la pamenepo ndi la mchere ndi zomera za m'nyanja zimene dzuwa layamba kuumitsa. Pamwamba pa chilumbacho pali manda a François-René de Chateaubriand, mlembi wobadwira ku Saint-Malo m'chaka cha 1768 yemwe anaikidwa pamenepo mu 1848, pansi pa mtanda wa mwala wopanda dzina, moyang'ana kunyanja monga anapemphera yekha. Madzulo a tsiku lomwelo mukaima pa linga, kanjira kaja kulibe, dziwe lija lamira moti pangotsala nsonga ya nsanja yodumphirapo, ndipo Grand Bé yasanduka chilumba chenicheni. Amene achedwa kubwerera amadikira komweko maola ambiri pa mphepo, ndipo akuluakulu a tauni amaletsa kuyesa kuwoloka madzi akangofika pa kanjirako chifukwa amakoka mwamphamvu.

Linga lenilenilo ndi lotalika pang'ono kuchepera makilomita 2, ndipo kuyenda pamwamba pake n'kwaulere. Kumpoto mudzaona Fort National, nyumba ya asilikali yomangidwa pa thanthwe mu 1689 m'nthawi ya mfumu Louis XIV, yomwenso imafikika wapansi madzi akaphwa, ndipo akakweza mbendera ndiye kuti yatsegulidwa kwa alendo. Chakum'mawa kuli gombe lalitali la Sillon, pafupifupi makilomita 3, lomwe lili ndi mizere ya mitengo ikuluikulu yozikidwa mumchenga kuti iziphwanya mafunde asanagunde khoma. Madzi aakulu akakumana ndi mphepo, mafunde amadumpha khomalo n'kugwera mumsewu, apolisi n'kutseka njira. Kukachitika zotere muonere patali, chifukwa mafundewo amanyamulanso miyala.

Za ulendo ndi zosavuta: kuchokera ku Rennes sitima yapamtunda imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo kuchokera pa siteshoni ya Saint-Malo kufika ku linga ndi mtunda wa mphindi 20 wapansi, koma chifukwa cha mawondo a mayi mukwere basi. Malo ogona a kunja kwa linga, monga ku Saint-Servan kapena pafupi ndi siteshoni, amakhala otsikirako mtengo, ndipo nyumba zambiri za m'kati mwa linga ndi zazitali, choncho mufunse za chikepe musanalipire.

Wokonda Mbiri wa ku Chipoka:

Mayi NaBanda afotokoza za madzi mokwanira ndipo sindionjezerapo. Ine ndikufuna kulankhula ndi aphunzitsi monga munthu wa ku Nkhotakota, chifukwa pali zinthu m'tauni imeneyo zimene mlendo wochokera kwina angazidutse osaima, koma inu simuyenera kutero.

Choyamba dziwani kuti nyumba zambiri zimene mudzaone m'kati mwa linga si zakale monga zimaonekera. Mu Ogasiti 1944, pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, asilikali a America anazinga tauniyi pofuna kuchotsa a Germany, ndipo mabomba ndi moto zinawononga pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse a nyumba za m'katimo. Mkulu wa asilikali a Germany anagonja pa 17 Ogasiti ali m'mapanga a simenti a ku Aleth, pafupi ndi tauniyo, komwe lero kuli nyumba yosungiramo mbiri ya nkhondoyo, ndipo chilumba cha Cézembre chinagonja pa 2 Seputembala. Linga lokha ndi limene linapulumuka kwakukulu. Nkhondo itatha anthu anamanganso tauniyo ndi mwala womwewo wotuwa, motsata maonekedwe akale, ndipo nsonga ya tchalitchi chachikulu cha Saint-Vincent inabwezeretsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. M'tchalitchimo muli manda a Jacques Cartier, yemwe ananyamuka pa doko limeneli mu 1534 n'kukafika ku dziko lomwe tsopano ndi Canada.

Chachiwiri ndi chuma chimene chinamanga tauniyo poyamba. Gawo lina linachokera ku usodzi wa nsomba za kutali ku Newfoundland, zomwe ankazithira mchere n'kukagulitsa kumwera kwa Ulaya. Gawo lina linachokera kwa amalinyero amene mfumu inkawapatsa kalata yowalola kulanda zombo za adani pa nthawi ya nkhondo, monga René Duguay-Trouin amene analanda Rio de Janeiro mu 1711. Koma gawo linanso linachokera ku malonda a akapolo, ndipo mbali imeneyi siionekera msanga pa zikwangwani zokopa alendo. Pa linga pali chiboliboli cha Robert Surcouf, wobadwa mu 1773, ataloza dzanja kunyanja cha ku England, ndipo alendo amajambulitsa naye monga ngwazi. Surcouf yemweyu ali mnyamata anagwira ntchito pa zombo zonyamula akapolo kuchokera ku gombe la Mozambique kupita ku zilumba zomwe lero ndi Mauritius ndi Réunion, ndipo atalemera anatumizanso zombo zake ku malonda omwewo. Mahé de La Bourdonnais, wobadwiranso ku Saint-Malo mu 1699, anakhala bwanamkubwa wa zilumba zimenezo kuyambira mu 1735, ndipo minda ndi madoko amene anakulitsa zinkadalira akapolo ochokera ku Madagascar ndi ku Mozambique. Ngakhale bambo ake a Chateaubriand, mwini manda aja a pa Grand Bé, anapeza chuma chawo china m'malonda omwewa.

Ndisakokomeze, pakuti mbiri imafuna chilungamo. Ulamuliro wa a Jumbe ku Nkhotakota unayamba cha m'ma 1840, Surcouf atamwalira kale mu 1827, choncho palibe anganene kuti anthu amene ankawolotsedwa pa madau kuchokera ku Linga anakwera zombo za munthu ameneyu. Komabe njira zochokera ku nyanja yathu kupita ku Kilwa, pa gombe la dziko lomwe tsopano ndi Tanzania, ndi ku chilumba cha Mozambique zinalipo kale a Jumbe asanabwere, ndipo mu 1776 wamalonda wina wa ku France dzina lake Morice anachita pangano ndi mfumu ya ku Kilwa loti azigula akapolo 1,000 chaka chilichonse. Kufunika kwa antchito m'minda ya pa zilumba za France kunali chimodzi mwa zimene zinakoka malondawa kulowa kumtunda. Inu amene mumaphunzitsa ana pafupi ndi mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 mudzakhala mutaima ku mapeto ena a nkhani yofanana. Dziko la France linathetsa ukapolo komaliza mu 1848, ndipo mu 2001 linakhazikitsa lamulo lovomereza kuti malondawo anali mlandu wolakwira mtundu wonse wa anthu. Doko limene linatumiza zombo zochuluka koposa linali Nantes, komwe anatsegula chikumbutso cha nkhaniyi m'mbali mwa mtsinje wa Loire mu 2012, ndipo kuchokera ku Rennes n'kosavuta kufikako pa sitima. Ndikanakhala ine, tsiku limene mukuganiza zopita ku Mont-Saint-Michel ndikanalipereka ku Nantes.

Mlongo wa pa Kamuzu Road:

Pepani bambo a ku Chipoka, pa mfundo yomalizayo sindikugwirizana nanu. Aphunzitsi anena okha kuti Mont-Saint-Michel akhala akuiona pa zithunzi kwa zaka zambiri, ndipo munthu amene walipira ndege yochokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi mpaka ku Paris sayenera kubwerera asanaione ali pa mtunda wa makilomita osakwana 60. Chimene ndingasinthe ndi kochokera: musanyamukire ku Saint-Malo, koma ku Rennes, chifukwa kuchokera pa siteshoni ya Rennes pali basi yopita komweko mwachindunji yomwe imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa. Malo a Mont-Saint-Michel ali m'chigawo cha Normandie, chiyambi chake amachiwerengera ku chaka cha 708, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake mu 1979. Galimoto zimaima kumtunda, ndipo pali mabasi aulere odutsa pa mlatho umene unatsegulidwa mu 2014. Mchenga wozungulira phirilo uli ndi malo omeza munthu, choncho musayendemo popanda woperekeza wovomerezeka.

Koma zonsezi n'zachabe ngati mapepala sanakonzeke. Mufunika viza ya Schengen ya masiku osapitirira 90, yomwe mtengo wake unakwera kufika pa mayuro 90 mu Juni 2024, pamodzi ndi inshuwalansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000, umboni wa ndalama, umboni wa ntchito yanu, ndi umboni wa kumene mukagone. Ngati mukagona kwa mwana wanu, iye ayenera kukatenga chikalata cholandirira alendo ku ofesi ya meya wa kumene akukhala. Pempho la viza limaloledwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike, ndipo tsamba la boma la France-Visas ndi limene limasonyeza kokapereka mapepala. Yambaninso msanga kufunafuna mayuro ku banki, pakuti tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Mukakafika ku doko la Saint-Malo mudzaona zombo zopita ku Jersey ndi ku Portsmouth, koma viza yanuyo siigwira ntchito kumeneko. Mutengenso chosinthira pulagi, chifukwa mabowo a magetsi a ku France salandira pulagi yathu ya mano atatu aja. Chokoma chimodzi n'chakuti m'Seputembala nthawi ya ku France ndi yofanana ndi ya kwathu, kotero wotchi simudzaikhudza.

Mlangizi wa za Usodzi, Salima:

Ndiyankhepo za chakudya, ndiponso ndionjezere malo awiri amene ndikuona kuti munthu wa kunyanja angasangalale nawo kuposa masitolo a m'kati mwa linga.

Chakudya chodziwika kwambiri ku Bretagne ndi galette, chitumbuwa chopyapyala chachikulu chopangidwa ndi ufa woderako wa mbewu yotchedwa sarrasin, ndipo apa ndi pofunika kusamala, aphunzitsi, chifukwa galette imene amagulitsa kwambiri amaikamo nyama ya nkhumba pamodzi ndi dzira ndi tchizi. Mawu oti muwayang'ane pa ndandanda ya zakudya ndi jambon, lardons, saucisse ndi andouille, onsewa ndi a nkhumba. Mutha kupempha ya dzira ndi tchizi zokha, ya bowa, kapena ya nsomba, ndipo palibe amene angadabwe. Chakumwa chimene amabweretsa m'kabakuli kadothi, chotchedwa cidre, ndi cha maapozi koma n'choledzeretsa, choncho pemphani madzi a maapozi osasasa kapena madzi akumpopi omwe amaperekedwa mwaulere. Nkhono zakuda zotchedwa moules kawirikawiri amaziphika ndi vinyo woyera, ndiye mufunse kaye. Nsomba yowotcha ndi mbatata ya kachewere imapezeka paliponse, ndipo ku Rennes kuli mabutchala a halali komwe mwana wanu angagule nyama. Malo ambiri odyera amaphika kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko masana, kenaka amatseka khitchini mpaka 7 koloko madzulo, ndipo mukalowa paliponse muyambe ndi moni wa bonjour musanafunse kanthu.

Malo oyamba ndi Cancale, mudzi wa asodzi womwe uli makilomita pafupifupi 15 kum'mawa. Madzi akaphwa pamaoneka minda ya nkhono zotchedwa huîtres, mizeremizere ya matebulo achitsulo okhala ndi matumba a mawaya, ndipo alimi ake amatsikirako ndi mathirakitala kukatembenuza matumbawo mwachangu madzi asanabwerere. Kumapeto kwa doko kuli kamsika komwe amagulitsa nkhonozi pa khumi ndi ziwiri, amakutsegulirani ndi kampeni kafupi, n'kukupatsani ndimu, inu n'kukhala pa khoma kumadya zosaphika n'kumaponya zigoba pansi pa mulu umene wayera ndi zigoba za anzanu. Sindikukulonjezani kuti mudzazikonda, koma ntchito yake ndi yoyenera kuiona. Chimene chinandigwira mtima ine ndi kukhwima kwa malamulo. Ngakhale munthu wongotola nkhono ndi nkhanu pa miyala kuti akadye kunyumba ali ndi muyeso wa kukula kololedwa, ndipo mwala uliwonse umene wautembenuza ayenera kuubwezera mmene unalili. Ku gombe la Saint-Brieuc, chakumadzulo, nkhono zina zamtengo wapatali zimagwidwa m'miyezi yozizira yokha, masiku awiri pa sabata, kwa mphindi 45 zokha pa tsiku, ndipo asodzi eniake ndi amene anathandiza kukhazikitsa dongosololi. Ife a ku Salima sitiyenera kuliona ngati lachilendo, popeza pa chilumba cha Mbenji usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula molamulidwa ndi a Gogo Chalo Makanjira, ndipo zotsatira zake timaziona pa kukula kwa utaka.

Malo achiwiri ndi damu la pa mtsinje wa Rance, pakati pa Saint-Malo ndi tauni ya Dinard, lomwe limapanga magetsi pogwiritsa ntchito madzi omwewa amene mayi NaBanda akuchenjezani nawo. Linatsegulidwa mu Novembala 1966, chaka chomwe Nkula A inayamba kugwira ntchito pa Shire, ndipo lili ndi makina 24 opereka mamegawati 240 onse pamodzi. Madzi akamadzaza amalowa kumtunda kwa damu, zitseko n'kutsekedwa, ndipo nyanja ikaphwa amawatulutsa kudzera m'makinawo, omwe anapangidwa kuti azitha kuzungulira madzi akamalowa ndiponso akamatuluka. Linali lalikulu koposa padziko lonse pa mtundu wake mpaka mu 2011 pamene la ku Sihwa ku South Korea linaliposa. Vuto lake ndi matope amene akuunjikana kumtunda, nkhani imene anthu okhala m'mbali mwa mtsinjewo akhala akudandaula nayo kwa zaka zambiri. Pamwamba pa damulo pamadutsa msewu, koma njira yokoma yopitira ku Dinard ndi kaboti kamene kamawoloka kuchokera pansi pa linga kwa mphindi 10.

Mphunzitsi wa ku Linga, Nkhotakota:

Ndathokoza kwambiri nonse. Mayi NaBanda, nkhani ya mamita 3 pa ola limodzi ndaiwerengera mayi akunyumba, ndipo agamula kuti ndandanda ya madziyo adzasunga ndi iwo. Bambo a ku Chipoka, za Surcouf ndi Kilwa ndidzazitengera m'kalasi, ndipo za Nantes ndikambirana ndi mwana. Tagwirizana zogona ku Saint-Malo. Chatsala ndi cha mawondo: kodi pa linga ndi pa Mont-Saint-Michel pali pamene mayi angafike popanda kuzunzika, kapena ndi bwino kuti iwo atsale ku Rennes tsiku limenelo?

NaBanda wa ku Senga Bay:

Asatsale, aphunzitsi. Pa linga la Saint-Malo pali pokwerera pambiri, ndipo masitepe ake ndi ochepa powayerekeza ndi a ku Mont-Saint-Michel. Mbali ya kumadzulo, pa bwalo lotchedwa Bastion de la Hollande pomwe pali chiboliboli cha Cartier, ndi yotakasuka, ili ndi pokhala, ndipo kuchokera pamenepo Grand Bé ndi gombe la Bon-Secours zimaoneka bwino lomwe, moti mayi angathe kukhala pamenepo n'kumakuonani inu mukuwoloka. Misewu ya m'kati ndi yoyalidwa miyala yosalingana, choncho avale nsapato zafulati zogwira bwino, ndipo nonse mutenge majekete oletsa mphepo ndi mvula chifukwa nyengo ya kumeneko imasintha kangapo pa tsiku.

Ku Mont-Saint-Michel kukwera mpaka ku nyumba ya amonke pamwamba kumafuna masitepe mazana angapo, ndipo kamsewu kake n'kopapatiza, kotsetsereka komanso kodzaza anthu kuyambira chakumasana. Basi yaulere ija imatsitsa anthu pa mlatho patatsala mamita mazana ochepa kuti mufike pa chipata, ndipo phiri lonse limaoneka bwino kuchokera pamenepo kuposa mmene limaonekera munthu ali m'kati. Mayi angathe kulowa pa chipata, kupuma m'munsimo ndi mwana, inu n'kukwera nokha. Tikiti yolowera pamwambapo mugulire pa intaneti tsiku lisanafike. Mukumbukirenso kuti Loweruka ndi Lamlungu la sabata yachitatu ya Seputembala ndi masiku amene nyumba zambiri zakale za boma ku France zimatsegulidwa mwaulere, ndipo mizere imatalika kwambiri, kotero kwa munthu wa mawondo ovuta ndi bwino kusankha tsiku la pakati pa sabata n'kukwera basi yoyamba ya m'mawa. Nambala ya ngozi ndi 112 kulikonse, ndipo ya opulumutsa anthu panyanja ndi 196. Zonse ziwiri muzilembe m'foni musanachoke ku Rennes.